Tsiku Limene Achimwene Anatitulutsa mu Ngalande

Achimwene atapuma ntchito yoyendetsa basi mu London, tonse tinkayembekeza kuti achita zimene amachita azibambo a msinkhu wawo: kugula mpando wofewa, kuuika patsogolo pa wailesi yakanema, n'kumakalipira osewera mpira amene sakuwamva n'komwe. Ena kutchalitchi ankati mwina akamanga nyumba kumudzi, ngakhale kumudziko anachokako ali kamnyamata, nthawi imene bambo athu anathawa ndale n'kutibweretsa kuno. Koma iwo anagula boti.

Nkhaniyi ndinaimva kwa alamu anga, akazi awo, omwe anandiimbira foni ndili pantchito kuchipatala ku Edmonton, kumene ndine namwino. Alamu kwawo ndi ku Chipata koma anakulira ku Lusaka, ndipo akakwiya Chinyanja chawo chimathamanga moti umachita kuchigwira kumchira.

"Mulamu, ba brother banu bafunta. Bagula boti!"

"Boti la chiyani, alamu?"

"Ya pamanzi! Bakamba ati tizayamba kunkala mwamene umo. Ine nakana. Nine nsomba ine?"

Anakanadi. Iwo anatsala m'fulati yawo ku Thamesmead, achimwene n'kumagona m'boti pakati pa sabata, Loweruka n'kukwera basi kubwerera kunyumba atanyamula zovala zakuda ngati mwana wa sukulu yogonera komweko.

Botilo analimangirira pa mtsinje wa Lee, kufupi ndi kwathu. Tsiku lina nditaweruka ndinapita kukaliona. Ndinapeza chinthu chachitali ngati basi, koma chopapatiza moti ukaimirira pakati n'kutambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Mkati munali zonse: bedi, kambaula ka nkhuni, kakhitchini, ndi chimbudzi chomwe munthu wonenepa ayenera kusankhiratu ali panja ngati alowa chakutsogolo kapena chambuyo, poti akalowa satembenukanso. Achimwene anandiuza kuti maboti amenewa anawapanga opapatiza dala kuti azikwana m'ngalande zimene azungu akale anakumba dziko lonseli ponyamulira malasha.

"Ndiye mwagula boti loyenda m'ngalande?"

"Nanga ukuganiza kuti dziko lino timalitchula kuti Mangalande chifukwa chiyani?" anatero, akuseka okha.

Chiwongolero chake sichozungulira ngati cha basi. Ndi chitsulo chachitali chokhota, chili kumbuyo kwenikweni, panja, ndipo chili ndi mtima wa mwana wamwano: ukachikankhira kumanja, boti limalowera kumanzere. Buleki palibe. Achimwene miyezi yoyamba ankavutika nazo. Ankayang'anabe galasi lam'mbali pomwe palibe galasi, ndipo munthu woyenda pansi akangokweza mkono kuwabayibitsa, iwo ankachepetsa liwiro n'kuyamba kusendera kumtunda kuti akwere.

Chilimwe chotsatira anandiitana n'kundiuza kuti atopa ndi ngalande, akufuna kulawa mtsinje waukulu wa Thames. Anati titsika ndi Lee mpaka ku Bow, titulukire mumtsinje waukulu, tizungulire kudutsa Greenwich, kenako tikalowenso m'madzi odekha ku Limehouse. Ankafuna munthu wotsegula zipata m'njira, ndipo munthuyo anali ine. Mwana wanga wamkazi nthawi imeneyo ankaphunzira ku Greenwich, choncho amalume akewo anamulamula kuti akaime m'mphepete mwa mtsinje ationere tikudutsa. Mwanayu Chichewa amamva bwinobwino, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Anangoti, "Mum, is he serious?" Ndinamuuza kuti amalume ake sanayambe asekapo pa nkhani ya ulendo.

Chimene sindinayembekezere chinali kupeza alamu pa boti m'mawa wa Loweruka limenelo. Anabwera atavala ngati akupita ku ukwati: chitenje chosokedwa bwino, nsapato za gogoda, wigi yatsopano yofika m'mapewa, ndi chibokosi chachikulu cha zakudya momwe munali nkhuku yokazinga, mpunga ndi zitumbuwa. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza chimene chinawabweretsa. Amayi ena kutchalitchi anali atayamba kufunsa mafunso achifundo, akuti mwamuna wamkulu sangamagone yekha pamadzi popanda womuphikira.

Analowa m'boti osapereka ndi moni womwe. Tinkangomva makabati akutsegulidwa, kutsekedwa. Anasuzumira pansi pa bedi, ananunkhiza mapilo, anayang'ana miswachi. Atatulukira mbali inayo nkhope yawo inali itagwa pang'ono, ngati wapolisi amene wapeza kuti wakuba ndi mbewa.

"Apa mukazi wina angagone pati? Olo pusi angakane."

Achimwene analiza injini, ine ndinamasula zingwe, ulendo unayambika.

Ndinene zoona, poyamba kunali kokoma. Madzi anali phee, atsekwe oyera a makosi aatali akutipatukira monyada, mitengo itaweramira mumtsinje moti ukanaiwala kuti kuseri kwake kuli mafakitale ndi misewu yodzaza magalimoto. Koma liwiro lake! Bambo wina wokankha mwana m'kangolo anatipitirira, anakafika kutsogolo, anagula khofi, n'kubwerera kudzakumana nafenso. Alamu anakhala kutsogolo kwa boti pa pilo, miyendo itapingasa, akubayibitsa aliyense ngati mkwatibwi.

Ntchito yanga inayamba titafika pa loko. Si loko wa pachitseko ayi. Ndi chipinda cha njerwa chopanda denga, chokhala ndi zitseko zikuluzikulu kumbuyo ndi kutsogolo. Boti limalowa, mumatseka, mumapukusa chitsulo chotsegulira timazenera ta pansi pa madzi, ndipo madzi amatsika nalo boti pang'onopang'ono ngati chikepe. Maloko ena ndi amagetsi, umangodina batani. Koma achimwene ankati amagetsiwo ndi a alesi, ndipo paliponse pamene panali posankha ankasankha a manja, podziwa kuti manjawo ndi anga. Chitseko chimodzi n'cholemera kuposa ng'ombe zingapo. Sumachikankha ndi manja. Umachitembenukira, kuchitsamira ndi kumbuyo, n'kumayenda chobwerera uku ukubuula. Ine mayi wamkulu, amene madokotala achinyamata amandiopa pa wodi, ndinali kukankha thabwa ndi matako anthu othamanga m'mawa akundijambula.

"Limbikira, chemwali!" ankafuula achimwene ali pansi m'dzenjemo. "Kwatsala pang'ono!"

"Bwerani mudzalimbikire inuyo!"

"Woyendetsa sachoka pa chiwongolero. Ndi lamulo."

Titapitirira Hackney, injini inasintha kaliridwe. Inayamba kubuula ngati munthu wodya mopyola muyeso, utsi wakuda tolotolo, boti osasunthanso. Achimwene anazimitsa, anavula malaya, anatsegula kachitseko ka pansi pamene anapondapo, n'kulowetsa mkono m'madzi ozizira mpaka paphewa. Anati china chake chakulunga zopalasira za injini. Anatulutsa mapepala apulasitiki. Anatulutsa chingwe. Kenako anakoka, anakokanso, mpaka chinatuluka chinsalu chachitali chimene anachitambasula m'mwamba kuti aone kuti n'chiyani. Linali diresi lofiira, lopanda manja, la timikanda tonyezimira.

Alamu anali atafika kale kumbuyoko, sindikudziwa kuti anadutsa nthawi yanji.

"Ni ya ndani iyi?"

"Mayi, ndalitola m'madzi. Mwaona nokha."

"Pansi pa boti yanu. Maboti yonse aya, yasankha yanu."

Analitenga ndi zala ziwiri, analiyang'ana kukula kwake, analiyang'ananso matope ndi ndere zimene zinamerapo, n'kuweruza kuti mwini wake, kaya ndi ndani, anali woonda kwambiri moti achimwene sakanamuyang'ana kawiri. Mlandu unathera pomwepo. Ine ndinaseka mpaka ndinachita kukhala padenga la boti.

Ku Bow tinafika dzuwa litakwera. Pamenepo ndi pamene madzi a ngalande amathera, ndipo kuseri kwa zitseko kumayambira madzi a khalidwe lina. Thames si mtsinje ngati mitsinje imene bambo ankatisimbira, yodziwa kumene ikupita. Uwu umatsikira kunyanja yamchere, kenako umasintha maganizo n'kubwerera kumtunda, tsiku lililonse, osatopa. Madzi akaphwa pamatsala matope okhaokha. Choncho sutuluka nthawi imene wafuna. Umadikira kuti madzi ayambe kudzaza, akunyamule.

Woyang'anira chipatacho anali mayi wachizungu wodekha, wa tsitsi la imvi. Anatifunsa ngati tili ndi nangula, wailesi yolankhulirana ndi oyang'anira mtsinje, ndi majekete oyandamitsa munthu akagwera m'madzi. Achimwene anamuonetsa zonse monyadira. Kenako anawafunsa ngati anayendapo pa Thames.

"Mayi, mtsinje umenewu ndauwoloka ndi basi tsiku ndi tsiku kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda," anatero achimwene m'Chingerezi chawo cha pa Sabata.

Mayiyo anawayang'ana kanthawi. Anati pamwamba pa mlatho ndi pansi pa mlatho ndi maiko awiri osiyana, ndipo anatilangiza kuti titseke mazenera onse, titsitse chilichonse chimene chingagwe, komanso kuti mafunde akamabwera tiziwalozetsa mphuno ya boti, tisawapatse nthiti.

Alamu anakana jekete. Anati likwinya chitenje. Mayi uja anangoti popanda jekete chitseko satsegula, ndipo alamu anavala, akung'ung'udza kuti aoneka ngati botolo la gasi. Zochoka kutsogolo kuja anakanitsitsa. Anati anabwera kudzaona, osati kudzabisala.

Zitseko zitatseguka tinalowa m'kamtsinje kokhotakhota, ka madzi a mtundu wa tiyi wothira mkaka wochepa. Mbali zonse kunali makoma akuda onyowa ndi nyumba zakale zosungiramo katundu. Madzi ankabwera motsutsana nafe, injini ikulimbana nawo. Tinakhota kamodzi, tinakhotanso, kenako makoma aja anangotha, kutsogolo kwathu n'kutseguka chimadzi chimene sindinachionepo chikukula chotero. Thames ndinkamudziwa ndili pa mlatho kapena pa zenera la sitima. Ukakhala m'kaboti kamene m'mphepete mwake mwangotsala pang'ono kuti mufanane ndi madzi, tsidya linalo limaoneka ngati dziko lofunika chiphaso. Patsogolo pathu panali chinyumba china choyera chozungulira chochitiramo zisangalalo, chokhala ngati chitete chovundikirira nkhuku, mizati yake yachikasu italoza kumwamba.

Madzi anatigwira n'kutitembenuzira kumtunda. Boti lija lomwe m'mawa linkapitiriridwa ndi makanda linayamba kuthamanga. Achimwene anatenga wailesi n'kudziwitsa oyang'anira mtsinje kuti tatuluka, mawu awo ali okhuthala ngati wowerenga nkhani. Atangoiika pansi anandiyang'ana.

"Chemwali, kodi iwe umatha kusambira?"

"Ayi. Inu?"

"Inenso ayi."

Sitinapitirize nkhaniyo.

Kumbuyo kwathu kunatulukira limodzi la maboti akuluakulu othamanga amene amanyamula anthu mumtsinjemu ngati mabasi. Linatidutsa patali ndithu, mwaulemu, anthu a mkatimo akumwa khofi. Koma linasiya mafunde, ndipo mafundewo anayamba kutilondola ali pamzere. Achimwene anakumbukira malangizo aja, anakankha chitsulo, mphuno ya boti inaloza mafunde. Inakwera. Inakwerabe mpaka ndinaona alamu ali m'mwamba kuposa ife, atagwira pilo. Kenako inatsika n'kumenya madzi kuti phwaa! Chimadzi chinadzuka n'kuwakhuthukira alamu thupi lonse.

Mkati mwa boti munamveka ngati mukuchitika ndewu ya pabanja. Mbale zimene tinaiwala kutsitsa zinagwa, ketulo inagubuduzika, ndipo chibokosi cha zakudya chinatsetsereka kuchoka kukhitchini mpaka kuchipinda, funde lachiwiri n'kuchibweza. Pakati pa phokosolo ndinamva mawu a alamu akuyandikira. Anali akukwawa m'kanjira ka mkati, nsapato zili m'manja, akuimba nyimbo ya pamaliro. Anatulukira kumbuyo kumene tinali, madzi akuchucha, n'kukumbatira mwendo wa amuna awo.

"Imwe, muzatipaya! Bwezani boti!"

"Sizitheka, mayi. Madzi akupita uko, ifenso tikupita konko."

"Imikani nisike!"

"Pano palibe siteji."

Atamva zimenezo anasiya za anthu n'kuyamba za Mulungu. Anapemphera mokweza, maso ali chitsekere, ndipo poona kuti mwina nthawi yakwana, anayamba kukhululukira adani awo mmodzimmodzi. Anakhululukira amayi a kutchalitchi aja. Anakhululukira woyandikana naye nyumba amene amaika zinyalala pakhomo pawo. Anandikhululukira ine pa mlandu umene mpaka lero sindikuudziwa. Atafika pa mayi wina amene anawanena pa ukwati wa mwana wawo, anaima kaye, funde lina n'kutimenya, ndipo anati, "Uja yeka, Ambuye, mumuone mweka."

Ine mantha ndinali nawo, osanama. Ndinagwira chitsulo cha padenga mpaka zala zinachita dzanzi. Koma ndikayang'ana alamu, kuseka kunkandibwerera pakhosi, ndipo mantha ndi kuseka zikakumana m'mimba mwa munthu wa zaka zanga, chimene umayamba kuganiza ndi kachimbudzi kaja, komwe panthawiyo sindikanayerekeza kupitako.

Titakhota chigono chachikulu cha mtsinje, Greenwich anaonekera kumanzere: nyumba zakale zoyera, zokhala ndi mizati, udzu wobiriwira ukukwera phiri kumbuyo kwake. Mafunde anachepako. Achimwene anawongola msana, anakonza chipewa, n'kuyamba kuliza hutala. M'mphepete mwa mtsinje munali anthu ambirimbiri, koma mwana wanga ndinamuzindikira msanga, poti anali yekhayo amene anabisa nkhope m'manja. Anzake atatu amene anabwera nawo ankadumpha, akukuwa, mafoni ali m'mwamba.

"Alamu, dzukani, mwana uja ali apo! Akutiona!"

Alamu ndi munthu woti ngakhale pa imfa safuna kuoneka wonyozeka pamaso pa ana. Anasiya mwendo uja, anaimirira, anakonza jekete, anakweza dzanja n'kuyamba kubayibitsa mwaulemu wonse. Nthawi yomweyo kunabwera mphepo yochokera kunyanja. Wigi ija inali italemera kale ndi madzi mbali imodzi. Inatukuka kutsogolo ngati chivundikiro cha poto, inaima kanthawi, kenako inauluka n'kukatera pamadzi.

Sinamire. Inayandama bwinobwino, tsitsi litatambasuka, ndipo popeza madzi amene ankatinyamula ife ndi omwewo ankainyamula, inayamba kuyenda nafe limodzi, pambali pathu, ngati galu wozolowera. Mbalame ina yoyera ya kunyanja inatsika, inaizungulira, inaijompha kamodzi n'kuisiya.

"Tengani ndodo! Ni ya manje manje iyo!" anakuwa alamu.

Padenga panali mtengo wautali wa ngowe kunsonga. Ndinautenga, ndinagwada, ndinayesa kuikola. Ndikatambasula, wigi inkasendera kutali. Ndikabweza, inkayandikira. Achimwene ankandikalipira kuti ndigwera m'madzi, koma hutala osasiya kuliza. Umu ndi mmene tinadutsira pa Greenwich: mkulu wa chipewa akuliza hutala, mayi wina atagwada akuwedza tsitsi, ndi mayi winanso atavundikira mutu ndi manja onse awiri, timizere ta tsitsi lake loluka tili poyera. Foni yanga inanjenjemera m'thumba. Nditaiona pambuyo pake, mwana wanga anali atalemba mawu ochepa chabe: "Mum is that auntie's hair."

Wigi tinasiyana nayo pa chigono chotsatira. Ife tinatsata mbali ya kumanja, iyo inasankha pakati pa mtsinje, kulowera ku tauni. Alamu anaiyang'ana mpaka inazimiririka. Kenako anatulutsa kansalu m'chikwama, anamanga duku mwaluso ngati palibe chachitika, n'kunena kuti sinkawakhala bwino ndi kale.

Chotsala chinali kulowa ku Limehouse. Khomo lake ndi kampata kopapatiza pakati pa makoma aatali, ndipo sulionera patali. Pamene achimwene anati "Ndi apo!" madzi anali atatidutsitsa kale. Anakankha chitsulo mwamphamvu, boti linazungulira mopendekeka, alamu n'kuyambiranso nyimbo ija pamene anailekezera. Tsopano tinayang'anana ndi madzi maso ndi maso. Injini inalira mpaka pansi pankanjenjemera, koma khoma limene linali pambali pathu silinkasuntha. Pamwamba pa khomalo panali malo omwera mowa, ndipo anthu anadzuka m'mipando, matambula ali m'manja, kudzatsamira chitsulo kuti aonere. Wina ankatilangiza ndi manja. Wina ankangotukula tambula yake.

"Achimwene, tikuyenda kodi?"

"Tikuyenda. Yang'ana njerwa iyo. Poyamba inali apa."

Inalidi itasuntha, mwina kutalika kwa dzanja. Pang'onopang'ono, njerwa ndi njerwa, tinafika pakamwa pa kampata kaja. Achimwene analowetsa mphuno, madzi anakankha mchira, ndipo boti lonse linakamenya matabwa a m'mbali kuti gwaa! Mkati munagwa mbale imene inali itatsala. Koma tinali titalowa. Madzi anangoti zii, ngati si omwe aja. Anthu a pamwamba aja anaomba m'manja ndi kuimba malikhweru, ndipo achimwene anavula chipewa n'kuwerama.

Chikepe cha madzi chitatikweza, tinakamangirira boti padoko lodekha lozunguliridwa ndi nyumba zazitali. Pafupi nafe panali boti lina lopapatiza, lodzaza maluwa padenga, ndipo mwini wake, gogo wina wachizungu wovala kabudula, anatithandiza kugwira chingwe. Anatifunsa kumene tachokera. Nditamuuza kuti ku Bow, kudzera mumtsinje waukulu, anatukula zikope. Anati ndife olimba mtima. Iye akamachokera ku Bow amangodzera mu ngalande yachidule, iyo apo, ndipo analoza ndi chala.

Tonse tinatembenuka. Pakona pa dokolo panali ngalande yowongoka ngati msewu, madzi ake osalala ngati galasi, abakha akusambira ndi ana awo.

Alamu anafunsa gogoyo, m'Chingerezi chodekha kwambiri, ngati ngalandeyo imachokeradi pa chipata chomwe chija tinatulukira. Gogoyo anati inde, pomwepo penipeni, ndipo munthu amafika tiyi asanazizire bwino.

Ndakhala ndikuwadziwa alamu anga zaka zambiri, ndipo phokoso lawo silinandiopsepo. Chimene chinandiopsa tsiku limenelo chinali chete wawo. Anakhala pa benchi ya kumbuyo, anapinda manja, n'kumangowayang'ana amuna awo. Achimwene anayamba kukulunga chingwe chimene chinali chokulungidwa kale.

"Munali kuziba," anatero alamu pomaliza.

"Ndimadziwa, mayi."

"Manje?"

Achimwene anakhala pansi nawonso. Anayang'ana ine, n'kundifunsa ngati ndikukumbuka kumene bambo ankatitengera Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, zaka zoyamba zija. Ndinkakumbuka pang'ono: basi, mphepo, ndi jasi lalikulu la bambo limene anapatsidwa ndi mpingo. Achimwene anati kunali ku Greenwich, pa khoma lomwe lija panaima mwana wanga. Bambo ankaima pamenepo nthawi yaitali akuonerera zombo zikutsika, ndipo tsiku lina anawauza achimwenewo kuti madzi amenewa akatuluka amakafika mpaka ku Beira, ndipo kuchokera ku Beira munthu akhoza kukwera sitima ya pamtunda n'kukafika kwathu. Bambo anamwalira asanabwerere. Achimwene anati zaka zonse zimene ankawoloka milatho ndi basi ankasuzumira pansi, n'kumadziuza kuti tsiku lina adzadutsa pamalo paja ali pamadzi, aone mmene khomalo limaonekera kwa munthu amene akuchoka.

"Ndiye laoneka bwanji?" ndinafunsa.

"Sindinalione bwino. Ndimayang'ana iwe ndi wigi."

Alamu anayesa kuugwira mkwiyo wawo, koma unawapulumuka. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku.

"Next time mukambe chabe. Ine nizaimilila pa chipupa na mwana, nizakubayibisani."

Tinatsegula chibokosi chija. Mpunga, nkhuku ndi zitumbuwa zinali zitasakanikirana kukhala chakudya chimodzi chatsopano, ndipo mbale yamoyo panalibe. Tinadyera m'zivundikiro za mapoto, gogo wa maluwa uja n'kudya nafe, akufunsa dzina la chakudyacho kuti akachiyesere kwawo. Mwana wanga anatipeza tikumaliza. Anakumbatira azakhali akewo, n'kuwauza kuti anzake akuti banja lathu ndi losangalatsa kuposa mabanja awo onse. Alamu anamufunsa ngati anajambula. Mwanayo anayang'ana kumbali. Alamu anamulanda foni, anaonera kanemayo kawiri, n'kulamula kuti awatumizire, koma adule poyambira mphepo.

Ine ndinabwerera ku Edmonton pa sitima. Nditaima pa siteshoni, pansi pankakwera ndi kutsika, moti ndinagwira mzati ngati woledzera, mayi wina n'kusuntha mwana wake kumuchotsa pafupi nane.

Mawa lake kutchalitchi, nthawi ya maumboni itakwana, alamu anali oyamba kuimirira. Anafotokoza za mafunde otalika ngati mafulati a ku Thamesmead, za chombo chachikulu chimene chinangotsala pang'ono kutiponda, ndi za mmene iwo anakhalira odekha, akulimbikitsa mulamu wawo amene ankalira ngati mwana. Za diresi lofiira sanatchule. Amayi aja ankangoti "Aleluya," ena akundiyang'ana mwachisoni. Atamaliza, abusa anafunsa achimwene ngati ali ndi choonjezera, poti iwo ndiwo anali woyendetsa.

Achimwene anaimirira, anakonza tayi, anayang'ana akazi awo, amene nawonso ankawayang'ana.

"Zonse zimene anena mayiwa ndi zoona," anatero, n'kukhala pansi.

Ine ndinanamizira chifuwa n'kutuluka panja.